Thunthu la Nthochi M'bokosi la Bambo Anga

1

Ukwati wa mayi anga ndinauimitsa ndine. Ndinaimirira m'tchalitchi anthu onse akuona, ndipo umboni umene ndinali nawo unali buku la mizukwa la pafoni. Ngati mwayamba kale kundiweruza, tadikirani pang'ono, chifukwa kuweruza msanga ndi matenda omwe ndikufuna kukuuzaniwo.

Dzina langa ndine Tadala. Ndili ndi zaka 26, ndimaphunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera kufupi ndi doko la Kachulu, kuno kunyanja ya Chilwa. Kukoleji ku Zomba ndinabwerako ndi zinthu ziwiri: digiri ndi mwano. Ndimakonda chilichonse chofuna kumasula, kaya ndi bawo, kaya masamu, kaya mabuku aja a wapolisi wofufuza wakupha. Mabukuwo ndinkagula akale pamsika, ena opanda chikuto, ena odyedwa ndi chiswe, koma a pepala.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, mphunzitsi mnzanga Sharon anandikodola.

"Mwali, ndakutumizira buku. Dzulo masanasana ndinalephera kupita kubafa ndekha ndi mantha."

"Lili kuti?"

"Pafoni pako."

"Ndiye si buku limenelo. Buku limakhala ndi dzina la wolemba, ndi munthu wina amene analiwerenga n'kuvomera kuti lisindikizidwe. Zanu za pafonizi aliyense wokhala ndi bandulo akhoza kulemba ali m'bafa momwemo."

"Digiri inakuwononga iwe," anatero Sharon akutafuna mandasi. "Koma nkhani yake ndi ya konkuno. Muli chilumba cha Chisi, muli matemba, muli chilichonse."

Ndinayang'ana. Mutu wake unali *Nthochi ya Kumanda*, ndipo wolemba anangodzitcha Mwana wa Tsidya. Munthu wobisa dzina ndimamukayikira ngakhale atangondipatsa moni. Ndinabweza foni m'chikwama.

2

Bambo anga, a Jafeti, anali asodzi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi anapita panyanja ndi mnzawo wa pondapo n'pondepo, a Medson. Patatha masiku atatu a Medson anabwera okha, zovala zili chinyowere, n'kunena kuti mwera unagubuduza bwato. Anthu anafufuza m'mabango sabata yathunthu, mtembo osapezeka.

Kwathu kuno munthu akalowa m'madzi osapezeka, sitisiya maliro ali lende. Amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'bokosi m'malo mwa munthuyo, kuti namfedwa akhale ndi mtumbira wolirapo. Ndi mmene tinaikira bambo anga.

Asanakhome bokosi, m'chipinda munatsala anthu anayi: amayi, amalume, a Medson, ndi ine. Bambo ndiwo anandiphunzitsa bawo. Ndinatenga nkhomo zathu, njere zija timasewerera, n'kuzigawa pakati. Za mbali yawo 32 ndinaziika m'sokosi yanga ya sukulu n'kuiponya m'bokosi. Zanga ndinasunga. Nkhaniyi sinatulukepo m'chipindamo.

Zaka 17 zinadutsa. A Medson, amenenso akazi awo anamwalira kalekale, ankabwera kudzatithandiza kuwokera mpunga ndi kufolera denga, koma m'nyumba sankalowa. Madzi akumwa ankalandirira pakhonde. Ndiye chaka chino mu Malichi, mwadzidzidzi, anatumiza ankhoswe.

Amayi anga, a Enelesi, anasanduka mtsikana. Ankaimba akupeta mpunga. Anapita kwa telala ku Songani kawiri konse chifukwa manja a diresi sanawasangalatse.

"Mayi, zaka zonsezi ankadikira chiyani?" ndinawafunsa.

"Ulemu, mwanawe. Masiku ano simuudziwa."

"Ulemu wa zaka 17?"

"Iwe umafuna chilichonse chikhale ndi yankho kumapeto kwa buku. Tandigwirira lichero."

Ukwati unalengezedwa m'tchalitchi Lamulungu loyamba. Panatsala awiri.

3

Loweruka lotsatira ndinapita kumunda kukaingitsa mbalame, poti mpunga unali utayamba kucha ndipo mpheta sizidziwa kuti munthu ali ndi digiri. Nditakwera pansanja ndinazindikira kuti buku langa ndaiwala kunyumba. M'thumba munali foni yokha. Ndinatsegula buku la Sharon lija ndi cholinga chimodzi: kupeza zolakwika zoti ndikamunyoze nazo Lolemba.

Sindinapeze zambiri. Wolembayo ankadziwa nyanja. Ankadziwa kununkha kwa matemba oyanikidwa, ankadziwa zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamabango oyandama n'kukhalamo miyezi. Nkhani yake inali ya msodzi amene anaikidwa ngati thunthu la nthochi. M'chilimwe thunthulo linaphuka pamtumbira, n'kubereka mkoko waukulu. Ana amene anaba nthochizo n'kudya anayamba kuyankhula ndi mawu a mwamuna wamkulu, onse akufunsa funso limodzi: "Mwaika ndani m'malo mwanga?"

Mphepo inagwedeza chingwe cha zitini zoopsezera mbalame. Ndinadzidzimuka mpaka foni inatsala pang'ono kugwera m'matope. Dzuwa lili paliwombo, ine munthu wophunzitsa masamu, ndinacheuka kawiri kuona ngati kumbuyo kuli munthu. Ndinavomera mumtima kuti mantha sasankha pepala.

Kenako ndinafika pa mutu wachisanu. Anthu odutsa kumanda masana ankamva kulira kwa nkhomo pansi pa dothi, ngati wina akusewera bawo yekha. Bukulo linafotokoza chifukwa chake: mwana wamkazi wa malemuyo anaika nkhomo 32 m'sokosi yoyera ya sukulu n'kuiponya m'bokosi asanakhome.

Ndinawerenga mzerewo katatu. Mpheta zinatera m'munda mwa amayi ndipo sindinakoke chingwe.

Ndinathamangira kumapeto. Tsamba lomaliza linali la mnzake wa msodziyo akufika padoko yekha, zovala zonyowa, akuuza anthu kuti mwera wamutenga mnzake. Mzere wotsiriza unati: "Anthu anatukwana nyanja, koma mnzakeyo ankadziwa kuti nyanja sinalakwe."

Pansi pake panali timawu tabuluu. Sindinatikhudze. Ine zabuluu za pafoni sindikhudza, ndinamva kuti ndi mmene akuba amalowera.

4

Ndinayamba kuwerengera ngati wapolisi wa m'mabuku anga. M'chipinda tinalimo anayi. Ine sindinauze munthu. Amalume anamwalira ndili fomu 2. Amayi maso anawavuta kalekale, ngakhale nyimbo za m'buku amaimba za pamtima, ndipo za bambo sakamba ndi aliyense. Otsala anali a Medson. Ndiye kuti anaulula kwa wina, mwina ataledzera, mwina chikumbumtima chitawakulira, ndipo winayo, poopa kupita kupolisi, anabisa choonadi m'nkhani ya mizukwa.

Apa mpamene ndinayamba kulemekeza foni. Buku la pepala ukafuna mawu umapukusa masamba mpaka zala zide. Ili ndinangolemba "mnzake" pamalo ofufuzira, malo onse anatuluka pamzere. Mnzakeyo anali ndi chipsera pachigongono. Ankayamba mawu ndi "kunena zoona". Ankayang'ana mkazi wa msodziyo akamatunga madzi, kenako n'kuyang'ana pansi.

Lolemba nditaweruka ndinawapeza a Medson padoko akusoka ukonde. Manja a malaya anali opinda. Chipsera chinalipo.

"Aphunzitsi athu," anatero akumwetulira. "Lero mwatiyendera?"

"Ndimadutsa. Bambo, pali chimene ndimafuna kufunsa. Bwato lija linagubuduzika pati kwenikweni?"

Singano inaima.

"Kunena zoona, mwanangu, ndi kale. Chakuseri kwa Chisi."

"Amayi amati munawauza kuti kunali kuzimbowera."

"Madzi alibe zikwangwani."

"Nanga inu munapulumuka bwanji, poti bambo ndiwo ankaposa kusambira?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo chimenecho chinandiopsa kuposa mkwiyo.

"Wakutuma ndani, Tadala?"

"Palibe. Funso lomaliza. Zaka 17 munkadikira chiyani?"

"Nthawi inali isanakwane."

"Yakwana liti?"

Anaweramira ukonde wawo. Ndinaona kuti akusoka pamalo posang'ambika.

Lamulungu lachiwiri linali litadutsa kale. Ndinayesa kuwauza amayi, koma ndinawapeza atavala diresi lija akudziyang'ana pagalasi la zenera, ndipo ndinabwerera. Ndinadziuza kuti ndikufuna umboni wina. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kumasula nkhaniyi pagulu, monga amachitira wofufuza pamutu womaliza, onse atasonkhana.

5

Lamulungu lachitatu tchalitchi chinadzaza. Abusa anawerenga mayina, n'kufunsa mwa mwambo chabe ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwa kumanga banja. Anali atatseka kale buku lawo pamene ndinaimirira.

"Ndilipo, abusa."

Amayi a chigwirizano anatembenuka onse pamodzi ngati mpunga pamphepo.

"Mwana wanga Tadala," anatero abusa mofatsa, "nkhani zotere timakambira kuofesi."

"Zakhala kuofesi zaka 17. Bambo anga sanamire. A Medson akudziwa chimene chinachitika panyanja, ndipo akufuna kukwatira mkazi wa munthu amene anamupha."

Wina kumbuyo anagwetsa buku la nyimbo.

"Umboni uli nawo?" anafunsa abusa.

Ndinakweza foni. Anyamata a kwaya anaseka, ndipo mayi wina anati, "Sukulu yambiri imeneyi." Koma nditawerenga za sokosi ndi nkhomo 32, ndinaona amayi akugwira benchi ndi manja awiri. Iwo sanaseke.

A Medson anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Abusa, pamaso pa Mulungu, ine sindinaphe munthu. Koma mwanayu sakunama zonse. Zotsalazo ndikayankhula kwa eni ake."

Abusa analengeza kuti ukwati wayamba waima. Amayi anatuluka osandiyang'ana. Ine ndinatuluka mutu uli m'mwamba. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndinkamva kukoma kumene ndimamva samu yovuta ikatheka.

Sharon anandipeza pansi pa mtengo wa mango panja pa tchalitchi, akupuma mwawefuwefu.

"Iwe, wachita chiyani? Gawo lachiwiri unawerenga?"

"Gawo lachiwiri la chiyani?"

"La bukulo. Timawu tabuluu pamapeto paja. Umakhudza, gawo lina limabwera."

"Buku linatha. Ndinafika tsamba lomaliza."

"Tsamba lomaliza la fayilo, mwali, osati la nkhani. Mabuku a pafoni ambiri amatuluka m'magawo. Ine ndimayesa ukudziwa, si iwe wa digiri?"

6

Ndinawerengera pomwepo, nditakhala pamuzu wa mango, anthu akudutsa n'kumandiloza ndi milomo.

Gawo lachiwiri linayamba panyanja, masiku atatu aja. Kunalibe mwera. Msodzi uja anauza mnzake kuti apalase mpaka tsidya la kummawa, kumalire a Mozambique. Kumeneko kunali mkazi wina ndi kamwana kakakazi ka zaka zisanu. Zaka zonse zimene ankati ali kuzimbowera, theka lake ankakhala kumeneko. Tsopano anali atatopa ndi kunama mbali ziwiri, koma analibe mtima wokaima pamaso pa ankhoswe ndi akulu a mpingo n'kusudzula mkazi wosalakwa. Anasankha kufa. Anagwada m'bwato n'kulumbiritsa mnzakeyo kuti akanene kuti wamira. Mnzakeyo anakana tsiku lonse, kenako analumbira, n'kudziviika m'madzi asanafike padoko.

Mzukwa wa m'bukumo sunali wa munthu wakufa. Unali wa munthu wamoyo amene anasiya usodzi, n'kusintha dzina, n'kumalima chinangwa kutali ndi nyanja. Chaka chilichonse mnzake uja ankawoloka ngati wokagula mbewu, n'kumuuza za kwawo: kuti denga lafoleredwa, kuti mwana wakhoza mayeso, kuti mwana wapita kukoleji. Ulendo woyamba anamuuza za sokosi. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo sanakhudzenso bawo, ndipo akamva ena akusewera ankatseka makutu.

Pamapeto penipeni panali mawu awa: "Kwa bambo anga, amene anandiuza zonsezi ali pamphasa ndipo anatisiya mu Januwale chaka chino. Ndi kwa achemwali anga amene sindinawaonepo, amene ali ndi theka lina la nkhomo. Ngati bukuli lingawoloke nyanja, nambala yanga ndi iyi."

Januwale. Ankhoswe anabwera mu Malichi. Funso langa la padoko linayankhidwa: a Medson sankadikira ulemu. Ankadikira kuti amayi akhaledi namfedwa.

Ndinaimba nambalayo. Anayankha mtsikana wa mawu otsika, kumbuyo kukumveka phokoso la minibasi.

"Ndikuyankhula ndi Mwana wa Tsidya?"

"Eee. Dzina langa ndi Rehema. Ndani mnzanga?"

"Sokosi ija sinali yoyera. Inali yotuwa. Ya yunifolomu."

Ndinayang'ana pafoni ngati netiweki yathawa.

"Achemwali," anatero kenako. "Bambo anati yoyera. Ndikonza lero lomwe."

7

Amayi ndinawapeza pakhonde, diresi lili pamiyendo, akumasula ulusi wa m'mphepete popanda chifukwa. Ndinagwada.

"Mayi, ndalakwa. A Medson sanaphe munthu."

"Ndiye unaimiriranji?"

"Ndinawerenga theka."

"Theka linalo likuti chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza, koma anakweza dzanja.

"Za pakamwa pa anthu zandikwana. Bwenzi maso angawa akuona, ndikanawerenga ndekha."

Ndinakumbukira chimene Sharon amachita akaiwala magalasi. Ndinakulitsa zilembo mpaka mawu anayi okha ankadzaza galasi la foni, n'kuwaonetsa mopitira patsogolo ndi chala. Amayi, amene anali asanawerenge kalikonse zaka khumi, anawerenga imfa yeniyeni ya mwamuna wawo okha, milomo ikugwedera, kuyambira masana mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Sanalire. Batire itatsala pang'ono anangoti, "Kailumikize ku sola, sindinamalize."

Mmawa mwake a Medson anafika. Anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse, kumapeto kwa khonde. Ine ndinafuna kuchoka.

"Khala," anatero amayi. "Unayamba ndiwe."

"Mayi a Tadala," anayamba a Medson, "ndinalumbira. Munthu anandigwira miyendo."

"Ndawerenga."

"Ndikanaulula, mukanakhala mkazi wothawidwa, mudzi wonse ukuseka. Ndinati bola ulemu wa namfedwa."

"Munandisankhira."

"Kunena zoona, ndinakukondani kuyambira kale. Koma sindikanakutengani mwini wake ali moyo. Chimenecho chokha ndinachisunga."

"Munachisungadi." Amayi anapinda diresi lija bwinobwino, manja mkati. "Chaka chilichonse ndikamakalambula pamtumbira paja, khasu ndinkabwereka kwa inu. Munkandinolera."

A Medson anayang'ana pansi.

"A Jafeti anandinamiza tsiku limodzi n'kuthawa. Inu munkandinamiza mmawa uliwonse, ndi 'mwadzuka bwanji'. Ndipo mukanandilowetsa m'tchalitchi osandiuza."

"Ndinkati tikakhazikika ndidzanena."

"Mwina mukananena. Sindikuti ndinu munthu woipa, bambo. Denga ili ndi lanu, mwanayu sukulu yake munaithandiza. Koma sindingagone m'nyumba imodzi ndi munthu wodziwa kusunga chinthu choncho. Ndizidzangoyang'ana nkhope yanu n'kumaganiza kuti kwatsala chiyani."

Anawapatsa diresilo.

"Nsalu munagula ndinu. Chimodzi chokha ndikupemphani. Loweruka mundiwolotse, mukandionetse pamene a Jafeti agona. Njira mukuidziwa."

Anawawolotsadi. Ine ndinakhala pakati pa bwato, ndipo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, awiriwo sanayankhulane. Rehema anatidikira tsidya. Ali ndi mphumi ya bambo, ndipo amayi atamuona anayang'ana kumbali kaye asanamupatse dzanja. Titabwerako amayi anameta tsitsi kachiwiri chifukwa cha mwamuna mmodzi yemweyo.

8

Owerenga anzanga, ukwati uja sunachitike, ndipo suchitika. A Medson ndinakawapepesa pamaso pa abusa ndi mpingo wonse, pamalo pomwe ndinawatcha wakupha. Anandikhululukira ndi mawu ochepa. Komabe pali ana pamudzi pano amene amathawa akawaona, chifukwa bodza langa linafika m'makomo ambiri kuposa kupepesa kwanga.

Ena amanditonthoza kuti ndinathandiza amayi kudziwa zoona. Sindivomera msanga. Zoonazo zikanatha kufika pakhonde, mwakachetechete, amayi n'kusankha okha popanda mudzi kuonerera. Mwina akanasankha zina. Ine ndinawalanda mpata umenewo chifukwa ndinkafuna kuoneka wochenjera Lamulungu.

Za mabuku a pafoni ndinasiya mwano. Nkhani ya Rehema palibe akanaisindikiza: mtsikana wosadziwika, wolemba m'Chinyanja cha kumalire, za nthochi yoyankhula. Ikanakhala ya pepala ikanathera m'chikwama chake. Koma inadutsa pafoni ndi pafoni mpaka inapeza munthu mmodzi amene inkamufuna. Panopa akulemba ina, ndipo mutu uliwonse amayamba watumiza kwa ine kuti ndiufufuze zolakwika. Ndimazipeza, ndipo timakangana ngati anthu amene anakulira nyumba imodzi.

Amayi amawerenga tsiku lililonse tsopano, zilembo zazikulu ngati za pa bolodi. Ndinawagulira foni yawoyawo. Amandiyankhula, amandiphikira, koma kuimba akupeta anasiya, ndipo sindinapeze samu yobwezera zimenezo.

Ngati muli ndi nkhani m'manja imene ikukuyabwani kuti muitulutse pagulu, yambani mwafunsa ngati ili yonse. Ndipo ikakhala yonse, funsaninso kuti mwini wake ndani. Yanga ija inali ya amayi, ndipo anayenera kuimva iwo poyamba.